Madilamu Awiri a ba Tembo

Chaka chimene ndinkamaliza maphunziro a za nsomba pa yunivesite, aphunzitsi athu anangotha mmodzimmodzi. Uyu wapita ku Botswana, uyu ku Swaziland, winayo wasiya choko n'kuyamba kuweta nkhuku. Basi ya sukulu inali itakhala pa njerwa chifukwa matayala kunalibe. Ndiye atatiuza kuti phunziro lathu lakumadzi tikaphunzitsidwa ndi kagulu ka madoda owedza nsomba mongosangalala, ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako ndinapsa mtima, ndipo mtimawo sunazizire msanga.

Kuwedza kosangalala! Masiku amenewo kwathu ku Kanyama tinkadzuka kusanache kukaima pamzere wa ufa n'kubwerako chimanjamanja. Sopo tinkadula ndi ulusi kuti aliyense m'nyumba akhale ndi kachidutswa kake. Koma mumzinda womwewo munali anthu opita ku Kafue Loweruka, kukola nsomba ndi mbedza, kuiyeza, kuisirira, n'kuibwezera m'madzi. Amayi atamva anangogwira pakamwa.

"Ni bofunta abo," anatero. "Ukatengeko imozi bakalibe kutaya."

Tinauzidwa kuti tikakumane ku Matero m'bandakucha, kunyumba kwa wapampando wa kaguluko, ba Tembo. Anali munthu wamtali, wowonda, wovala ovolosi yakale yofufutika pamsana. Anagwira ukapitawo pa kampani ina imene inali itangotsekedwa. Nyumba inali ya kampaniyo, ndipo anali atauzidwa kuti mwezi ukamatha akhale atatuluka. Katundu anali kale m'makatoni, kudikira kupita kwa mwana wawo ku komboni ya George, kachipinda kamodzi kopanda ngakhale poika beseni.

Chimene tinadzera chinali kuseri kwa nyumba: thanki ya simenti imene anamanga okha, yodzaza pale, nsomba zija zofanana ndi chambo. Anazikola zili zazing'ono ku Kafue n'kuzilera zaka ndi zaka, kuzitungira madzi kutali mipopi ikauma, kuzisakira gaga pamene anthu ankalimbirana gaga yemweyo. Tsopano nsombazo zinalibe kokhala. Anali atapangana ndi anthu a kwawo, kupitirira Nyimba, kuti akaziike m'damu lina limene linatha nsomba chaka cha chilala, ndipo anthuwo analonjeza kuti saponyamo ukonde mpaka zitaswana. Ntchito yathu ophunzira inali kuzifikitsa zamoyo. Zikanafera panjira, ba Tembo akanatsala opanda chilichonse choti aloze n'kunena kuti ichi n'changa.

Anatulutsa supuni m'thumba n'kugogoda pakhoma la thanki. Madzi anagwedezeka, ndipo patsogolo pa zonse panatulukira chinsomba chachimuna, chakuda msana, chotambalala ngati mbale yodyera alendo.

"Uyu ni Gavanala," anatero ba Tembo. "Ndiye woyamba. Ninamugwila nikali na nchito na mano yonse. Pepa mudala, lelo kulibe chakudya."

Anatifotokozera kuti nsomba imayenda ulendo ndi njala, chifukwa ikadya imaipitsa madzi ake omwe. Ndinati chamumtima, pamenepo pokha ine ndi nsombazi tikufanana. Akazi awo anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Myaka yonse iyi tidyela kalembula," anandiuza, kunena ndiwo za masamba a mbatata, "vinsomba vili kuseli kwa nyumba viniyangana. Pitani navo, mwana wanga. Ni mukazi munzanga uyu thanki."

Posakhalitsa anafika mnzawo wa mbedza, ba Mulenga, doda lalifupi la ku Kitwe losatha mawu. Anatsika panjinga akulengeza kuti lole yanyamuka kale, ili pakona. Tinathamanga kusamutsira nsomba m'madilamu awiri okulungidwa ndi masaka onyowa. Ine yoyamba ndinangoiti gwi ndi manja ouma.

"Iwe mwana, nyowesa manja!" anakuwa ba Tembo. "Icho chotelela pa thupi ndiye malaya yake. Ukachosa, mailo ili na vilonda."

Zinali zoona, ndipo m'buku zinalimo, koma kukalipiridwa pamaso pa anzako chifukwa cha malaya a nsomba kumapweteka ndithu. Kenako anatipatsa lamulo la ulendo. Lole ikamayenda, madzi amakhavuka n'kulowa mpweya okha. Ikaima, mpweya umatha, nsomba zimayamba kubanika. Choncho poima paliponse tinayenera kupopa. Anatipatsa mapampu awiri a njinga omangirira timapayipi tolowa pansi pa madzi, ndi mbale zoti tizitunga madzi n'kumawathira kuchokera m'mwamba.

Lole ija ya pakona inafika mithunzi itafupika. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mmawa wonsewo tinapopa tili pabwalo, ulendo usanayambe n'komwe, anthu a ku Matero atatsamira pampanda kuonerera ophunzira a pa yunivesite akupopera nsomba mpweya. Mnzanga Bwalya, amene anabwera ndi malaya oyera ndi nsapato zopolisha poganiza kuti tikakhala m'boti, anali atanyowa mpaka m'masokosi. Dalaivala, ba Sakala, anatsika osapepesa n'komwe. Anati anagona pamzere wa dizilo, ndipo amene sakukondwa akwere njinga ya ba Mulenga. Titakweza madilamu, akazi a ba Tembo, omwe aja a kalembula, anatulutsa chitenje chawo chopitira kutchalitchi n'kuwapatsa amuna awo kuti aphimbire nsomba kudzuwa. Kenako anangolowa m'nyumba.

Ndinkaganiza kuti tanyamuka. Ayi ndithu. Dizilo amene ba Sakala anapeza anali wodula, ndiye anati ayenera kunyamula anthu olipira kuti abweze ndalama zawo. Tinaima m'tauni pafupi ndi msika. Tinaima polowera ku Kalingalinga. Tinaima polowera ku Mtendere. Paliponse panali kukangana za mtengo, ndipo mtengowo unkakwera lole ikasuntha pang'ono, moti wokwerera kutsogolo ankalipira zambiri kuposa wokwerera kumbuyo ngakhale njira yake yafupika. Iwo akukangana, ife tikupopa. Pa Mtendere panakwera mayi wina wa ku Chawama wogulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, amake Mwansa, ndi mabelo ake akuluakulu. Malo atasowa, ba Sakala anatsitsa chigubu cha madzi a injini n'kusiyira mnzawo wogulitsa makala kuti adzachitenga pobwerera. Tonse tinachiona chikutsika.

Amake Mwansa anasuzumira pansi pa chitenje, maso ake n'kuwala.

"Mugulisa zingati, ba mudala?"

"Sizogulisa, amai."

"Manje ni za chani?"

"Ziyenda kukabala bana."

"Na ine nili na bana, balibe ndiyo," anatero, n'kukhala pabelo lake moyang'anizana ndi dilamu. Anali ndi chiwaya m'chikwama ndi kabotolo ka mafuta ophikira, aja timati saladi, kamene ankakasunga pachifuwa kuopa akuba. Ulendo wonse ankabwereza funso lake lija pamudzi uliwonse, mwina mtima wa mudala wafewa.

Titatuluka mumzinda kamphepo kanatiomba, madzi anayamba kukhavuka okha, mikono yathu inapuma. Ndinangoti nditseke maso, tafika pa rodibuloko ya ku Chongwe. Kunali mzere wa magalimoto, asilikali akufufuza ufa ndi shuga wozembetsa. Titafika ife, mmodzi anakwera, mfuti paphewa, n'kuvundukula chitenje. Anafuna kudziwa ngati pansi pa nsomba sitinabise kanthu. Anapinda malaya n'kuyamba kupisa mkono m'dilamu.

"Nyowesani manja!" anakuwa ba Tembo.

Munthu wa mfuti uja anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi. Ine ndinayamba kupemphera. Sanakalipe ayi. Anangotsika, n'kuloza malo opanda mthunzi m'mbali mwa msewu, n'kuuza ba Sakala kuti aimike pamenepo mpaka akulu ake atabwera kudzaona nsomba zofuna ulemu chonchi. Akulu akewo anali atapita kukadya.

Tinapsa ndi dzuwa pamenepo. Anthu olipira aja anatukwana ba Tembo, ba Sakala anatukwana anthu olipira, ndipo ba Mulenga anaona kuti nthawi yabwino yophunzitsa ndi imeneyi. Anatulutsa mbedza ndi pulayala n'kutionetsa mmene amaphwanyira kaminga kakumapeto kwa mbedza, kuti nsomba ikakodwa ichoke osang'ambika kukamwa. Anationetsa kamtengo kolemba mizere koyezera: yosafika apa ibwerere ikakule, yopitirira apa ibwerere ikabereke, yapakati ndiyo ya mphika. Anatiuza kuti pale yaikazi imasunga mazira m'kamwa osadya kanthu mpaka ana ataswa, ndiye ukaikola pamene mvula ikuyamba wapha mudzi wonse. Zinali zomveka, ndipo zina ndinazigwiritsa ntchito pambuyo pake. Koma phunziro lililonse linkathera pa nsomba ina imene anaiphonya ku Itezhi-Tezhi, ndipo manja ake ankatalikirana nthawi iliyonse akaitchula.

"Ba Mulenga," anatero Bwalya akupopa, "ija nsomba ikali kukula?"

"Kaili ninaisiya yamoyo," anayankha osaphethira.

Ba Tembo sanaseke. Anandiitana n'kundilozera m'dilamu. Gavanala anali atakwera pamwamba pa madzi, akutsegula ndi kutseka kukamwa.

"Uyangane uyu," anandiuza. "Mukulu ndiye ayamba kumvela. Akakwela so, ziba kuti mphepo yachepa. Popa."

Ndinapopa. M'manja munali mutatuluka kale matuza.

Atatimasula, ba Sakala anaganiza zobweza nthawi yotayika. Msewu wa kum'mawa masiku amenewo unali maenje okhaokha, phula likuoneka apo ndi apo. Tisanafike ku Rufunsa analowa m'dzenje lina ndi liwiro lonse. Chingwe chomangira madilamu chinaduka, dilamu limodzi linapendeka n'kundikhuthulira madzi kuyambira m'khosi, ndipo nsomba zinabalalika m'lole monse, zina pansi pa mabelo, ina m'dengu la agogo ena a ku Petauke. Tinagundana mitu pozitola. Apa palibe anakalipiridwa za manja, poti panalibe chouma chilichonse. Ba Tembo anakwawa ndi maondo kusuzumira pansi pa katundu aliyense, n'kumaliza ndi kuyang'ana amake Mwansa mpaka mayiyo atatulutsa imodzi imene anati yalowa yokha m'chikwama. Zonse zinabwerera zamoyo, koma dilamu lija linatsala ndi madzi osafika theka.

Pa Rufunsa tinapeza mjigo umodzi wokha wotulutsa madzi, ndipo mzere wa ndowa unali wokhota mpaka kuseri kwa magolosale. Amayi a pamenepo atamva kuti madzi ndi a nsomba anaseka, koma anatigawira ndowa imodzi. Ba Tembo anafuna tidikire pamzere. Ba Sakala anati mapiri a Manenekela sadutsidwa kutada, ndipo anali ataliza kale injini. Tinanyamuka ndi ndowa imodziyo.

Pachitunda chachiwiri kapena chachitatu injini inayamba kulira mwachilendo, kenako kutsogolo kunatuluka nthunzi. Ba Sakala anaimika lole pokhota, Bwalya n'kuika miyala kumatayala. Rediyeta inali itabooka, madzi onse atathera mumsewu. Ba Sakala anafunsa ngati alipo ali ndi sopo womatira. Anthu onse anayang'ana kumbali. Bwalya, mdani wanga kuyambira tsiku limenelo, anakumbukira mokweza kuti anandiona ndikusamba m'manja ku Matero. Kachidutswa kanga ka mwezi wonse kanatafunidwa, kanakandidwa, kanamatidwa pachitsulo ine ndikuona.

"Sopo namata," anatero ba Sakala akupukuta manja. "Manje nifuna manzi. Injini siyenda na mphepo."

"Chigubu chanu chili kuti?" anafunsa ba Tembo.

Ba Sakala anayang'ana mabelo a salaula. Amake Mwansa anayang'ana kumapiri.

"Aya manzi ni ya nsomba," anatero ba Tembo, ataima pakati pa dalaivala ndi madilamu.

"Olo so. Tizagona pano na nsomba zanu. Ine nazolowela."

Anyamata anatsikira kukhwawa ndi mbale n'kukumba mchenga mpaka m'zigongono. Unali wouma. Mudzi panalibe. Magalimoto masiku a kusowa kwa mafuta ankadutsa mwa apo ndi apo, ndipo basi imodzi imene inatipeza inali yodzaza mpaka padenga, dalaivala wake anangokweza dzanja. Mphepo panalibe, miyala inkatentha ngati chiwaya. Kenako chikopa cha m'kati mwa pampu imodzi chinanyenyeka, n'kutsala imodzi ya madilamu awiri. Tinkasinthana, wina pampu, ena mbale, koma madzi anali atafunda ndipo nsomba zinadzaza pamwamba, milomo yokhayokha. Gavanala anapendeka chammbali kamodzi, n'kudzukanso.

Ine apa ndinali nditafika pamapeto. Njala, ludzu, matuza ataphulika, diresi litauma ndi fungo la nsomba, sopo wapita. Ndinkadana ndi ba Tembo, ndi ba Sakala, ndi aphunzitsi aja anathawira ku Botswana, ndi aliyense amene anayambitsa zoti munthu azigwira nsomba osaidya.

Ba Tembo anaima nthawi yaitali akuyang'ana m'madilamu. Kenako anavula chipewa.

"Bana ba sukulu, bwelani. Mayeso yanu ni aya."

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati tili m'kalasi. Tikakhala pano, zifa zonse dzuwa lisanalowe. Kuti tifike ku Luangwa, kumene kuli madzi, injini imwa pachitunda chilichonse, poti sopo sagwira mpaka kalekale. Madzi a dilamu lopendeka lija apita onse ku injini, ndipo nsomba zake zilowa m'dilamu linalo.

"Manzi ya dilamu imozi, nsomba za madilamu yabili. Mabuku yanu yakamba chani?"

"Zifunika kuchepesa, ba Tembo," anatero Bwalya. "Zikankhala zonse, zizafa zonse."

"Tichose ziti?"

Ine ndinkangofuna kuti zithe, tichoke paphiripo, ndiye ndinayankha mofulumira ndi mokalipa, monga ndinkayankhira m'kalasi ndikatopa ndi anyamata ozengereza.

"Zikazi zisale, kaili ndiye zosunga mazila. Zimuna zifunika zing'ono chabe, zija zikali kukula. Zikuluzikulu ndiye zisiliza mphepo. Zichoke."

Mawu atatuluka m'pamene ndinaona kumene agwera. Ba Mulenga anasiya kupopa.

"Awe, ba Tembo," anatero. "Gavanala tingamuike mu ndowa. Ine nizamunyamula pa mendo mpaka ku Luangwa."

"Mu ndowa na manzi ya kuti? Ya injini, olo ya bakazi?" Ba Tembo anandiyang'ana, osati mokwiya. "Mwana wakhoza. Ni so chabe."

Ndinafuna kunena kuti mwina ndalakwitsa, mwina buku lina limanena zina. Koma buku lina kunalibe, ndipo iwo ankadziwa yankho asanatifunse.

Ananyowetsa manja. Anatulutsa zazimuna zikuluzikulu imodziimodzi, akutionetsa mmene timasiyanitsira yaimuna ndi yaikazi poitembenuza chagada, mawu awo osanjenjemera. Gavanala anamusiyira kumapeto. Sanavute kugwira, anali atatopa. Ba Tembo anamunyamula ndi manja awiri, n'kupempha sipanala kwa ba Sakala.

"Osaisiya izivutika pa dothi," anatiuza. "Kamozi chabe. Apa, kumbuyo kwa menso."

Anamenya kamodzi.

Amake Mwansa, amene anapempha nsombazo kuchokera ku Mtendere, sananene nthabwala iliyonse. Anatola nkhuni, anasonkha moto pamiyala itatu pamene injini inkazizira, anatulutsa kabotolo kaja pachifuwa n'kuthira saladi mosaumira. Atakazinga, anasankha chidutswa chapamsana n'kupita nacho kwa ba Tembo atagwada.

"Dyani imwe," anatero iwo. "Osataya olo mutu."

Anakwera m'lole, anatenga pampu yotsala ija kwa ba Mulenga, n'kuyamba kupopa okha atatifulatira.

Ndinadya. Ndikanakonda kunena kuti inandikanika pakhosi, koma ayi. Ndinali ndisanalawe nsomba yaiwisi miyezi yambiri, ndipo iyi inali yonona, yofewa, yoleredwa bwino. Ndinakumbukira amayi ndi mawu awo aja, ndinanyambita zala, ndipo misozi inkatsika ndikutafuna. Mpaka lero zimandikwiyitsa kuti inakoma choncho.

Injini inalira. Pachitunda chilichonse tinkaima, Bwalya n'kuthira madzi onunkha nsomba mu rediyeta, ife n'kupopa, n'kupitanso. Dilamu lija linauma pamene mtsinje unayamba kuoneka m'munsi, dzuwa likulowa. Pafupi ndi mlatho asilikali sankalola kuima, ndiye tinatsikira kumsika n'kukatunga madzi ndi ndowa, ulendo ndi ulendo, mpaka ba Tembo atakhutira. Tinagona pomwepo tikusinthana pampu. Sipanafenso ina.

Mmawa tinawoloka, tinatsitsa amake Mwansa ndi mabelo awo pa Nyimba, n'kukhotera kamsewu kafumbi. Damu lake silinali lochititsa kaso: madzi ofiirira, mabango mbali imodzi, ng'ombe zikumwa tsidya. Anthu a m'mudzi anabwera kudzaonerera. Ndinati basi, tikhuthule tizipita. Ba Tembo anakana. Madzi a m'damu ndi a m'dilamu ndi osiyana kuzizira, ndiye tinayenera kuthira mbale imodzi ya m'damu, kudikira, kuthiranso ina, kudikira, kuti nsomba zizolowere. Ulendo wonse unali wodikira, ndipo ngakhale pofika panafunika kudikira.

Pomaliza tinagubuduzira dilamu m'madzi ofika m'maondo n'kulipendeketsa pang'onopang'ono. Nsomba zinaima pakamwa pa dilamu kanthawi, kenako zinatuluka, kamdima apa, kamdima apo, n'kuzimirira. Basi. Panalibe choti n'kuombera m'manja. Anthu anayamba kubalalika, ba Mulenga anali atagwira kale mkulu wina kumufotokozera za nsomba ya ku Itezhi-Tezhi, ndipo ba Sakala analiza injini.

Ba Tembo anatsala m'madzi, buluku litanyowa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka gaga amene anasunga kuchokera ku Matero, n'kumwaza pamadzi. Kenako anatulutsa supuni ija n'kugogoda padilamu lopanda kanthu. Gaga anangoyandama. Palibe chinabwera.

"Ni bwino so," anandiuza osatembenuka. "Zikazolowela kubwela ku munthu, bazazisiliza."

Koma supuni sanaibweze m'thumba. Anagogodanso.

Ba Sakala analiza hutala, kamodzi, kawiri, kenako osalekeza. Ine, amene ndinadandaula poima paliponse kuchokera ku Matero, ndinatuluka m'madzi, ndinayenda mpaka pawindo la lole, n'kugwira dzanja lawo ndi dzanja langa la matuza.

"Zimyani injini, ba Sakala," ndinatero. "Muzayembekeza."